Tigejemule Pamodzi Loweruka

Lolemba

Fungo lija lero lalowa mpaka m'kabati ya mbale!

Ndikulemba m'Chichewa dala. Ana a m'nyumba muno, poti akulira kunja kuno, amachimva ndithu, koma kuwerenga amaphunthwa pamzere woyamba, ndiye kope lino likhoza kugona pathebulo popanda wolisuzumira.

Layini yathu kuno ku Makokoba ili ndi nyumba khumi. Zimbudzi zonse zimathira m'paipi imodzi, ndipo nyumba yanga ndi yomaliza kumunsi. Chidzenje cha suweji, chija cha chivundikiro chachitsulo, chili pageti panga penipeni. Paipi inatsekeka, ino ndi sabata yachitatu. M'mbali mwa chivundikiro mukungotuluka thovu, ntchentche zachita msonkhano.

Lamulungu likubwerali akwa Dube a ku Mzilikazi akubwera kudzafunsira Thoko, mwana wanga. Kuno amati kupempha moto. Mwambo wawo ndi wakuti mlendo wotere salowa yekha. Amaima pageti, chipewa m'manja, n'kumafuula mfunda wa mwini nyumba mpaka atamutsekulira, ndipo eni nyumba amachedwa dala. Chibadwire Thoko ndakhala ndikudikira kumva mfunda wanga ukufuulidwa pageti limene ndinawotcherera ndi manja angawa. Ndimafuna layini yonse imve. Koma ndi fungo ili, munthu akangotsekula pakamwa kuti afuule, akomoka.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pulani nayi.

Zaka zapitazo mzinda wonse unkachita zimenezi: madzi akabwera, aliyense agejemule nthawi imodzi kuti mphamvu ya madzi ikankhe zotsekazo. Kwathu madzi amabwera Loweruka m'mawa basi. Ndiye Loweruka seveni koloko ine ndiimba wezulo, nyumba khumi zigejemule kamodzi, aliyense athire ndowa ziwiri pamwamba. Paipi itseguka. Masana ndikolopa. Lamulungu alendo aima pamalo oyera.

Zofunika:
wezulo (ilipo, ya mpira wakale);
ndowa (aliyense ali nazo);
anthu khumi oganiza bwino.

Ndawotcherera zitsulo kumafakitale a ku Kelvin zaka makumi atatu, ndimadziwa kuti chinthu chikawonongeka chimakhala ndi chifukwa chooneka ndi maso. Apa zifukwa ndi zitatu: paipi ndi ya nthawi ya bambo anga, madzi ndi ochepa, anthu achuluka. Palibe chodabwitsa.

Madzulo ndikuyamba ndi nyumba yoyamba kumtunda, kwa a Mbewe. Ndi alamu anga, achimwene a mayi a Thoko, ndiponso ndi nkhoswe ya Thokoyo. Anali mlonda, tsopano amaswera pansi pa mtengo foni ili pakhutu, kumvera mauthenga a anthu osawadziwa. Ndafotokoza bwinobwino, ndajambula ndi pansi pomwe.

Andiyang'ana ngati ndine mwana wa sukulu. Akuti, "Alamu, inu mukuganiza kuti paipi imatsekeka yokha?"

Eya, imatsekeka yokha! Ndi ntchito yake ikakalamba!

Lachiwiri

M'mawa. Khomo ndi khomo, kope m'manja.

Nyumba yachiwiri, mayi uja MaNcube. Sakukana, koma akufunsa kuti wandituma ndani. Ndikuti yandituma ndi mphuno yanga. Akuti, "Hayi bo, SekaThoko," ndiko kunena kuti bambo a Thoko, "paipi atseka ndi aja ogulitsa madzi a m'zigubu, aliyense akudziwa." Ndikufunsa kuti wogulitsa madzi apindulanji ndi chimbudzi chotsekeka. Akuti, "Angazi, ine sindikudziwa, kawafunseni eni ake." Chitseko phaa.

Nyumba yachisanu ndi chimodzi muli Yusufu, telala wa ku Mangochi amene akuchita lendi chipinda podikira njira ya ku Joni. Mapepala alibe. Wangoona kope, nkhope yagwa. Akuti, "Madala, ine ndamva kale. Kumunsi kuli makina oyeza. Tikagejemula pamodzi adziwa kuti nyumba iyi muli anthu angati, mawa lake galimoto yafika." Makina! Ife babu la mumsewu linapsa Thoko asanayambe sukulu, mpaka lero palibe wabwera ndi makwerero. Ndiye wina akagule makina owerengera za m'mimba mwa Yusufu?

Nyumba yachisanu ndi chitatu akuti ndi ufiti. Awa ndawalemekeza, chifukwa bodza lawo n'lachikale, silitha batire.

Masana. Ndabwereranso kwa a Mbewe, chifukwa iwo akavomera layini yonse ivomera. Andipatsa mpando, andipatsa ndi maphunziro aulere. Akuti padziko palibe chimangochitika chokha. Ukaona vuto, funsa kuti akupindula ndani, wolakwa wamupeza. Akuti iwowo akufuna tithawe fungo kuti atenge malowa amangepo mashopu.

Iwowo ndani? Sanena. Amangoloza kumwamba ndi mlomo.

Ndikuti chabwino, wokhoma mabokosi a maliro amapindula munthu akafa. Ndiye ndi amene amapha anthu? Ndikuganiza kuti apa ndawagwira pakhosi. Akukanda chibwano. Kenako akuti, "Wa pakona uja, mwaiona galimoto imene wagula?"

Mulungu wanga! Ndinabwera kudzazimitsa moto umodzi, ndayatsa wina.

Ovomera lero: ine.

Kunyumba mayi a Thoko ayamba ndi mawu ofewa aja amene amayambira akafuna kundipotoza. Akuti, "Nanga tikanati alendowa tiwalandirire..." Ndawadula pomwepo. Alendo a mwana wanga aima pageti la bambo ake, basi! Thoko wangoyang'ana mayi ake, mayi ake ayang'ana poto. Nkhani yatha bwino, palibe watsutsa.

Lachitatu

Lero ndi tsiku la umboni. Munthu akakana mawu, muonetse chinthu.

Ndamanga mpango kumphuno, ndakanula chivundikiro ndi mgwala, ndavuula ndi waya wokhota. Ndayala zonse palata kutsogolo kwa geti kuti aliyense wodutsa aone.

Zatuluka:
mchenga wokwana theka la wilibala (uja azimayi amakwechera mapoto);
masipuni anayi;
matewera otaya, osawerengeka;
nkhwayira imodzi ya kumanzere;
chisa cha tsitsi;
mano oikirira, a m'mwamba okha.

Nachotu chiwembu chanu! Supuni imodzi ili ndi utoto wofiira kuchigwiriro, chizindikiro cha MaNcube, amapaka ziwiya zake zonse kuti zisasochere pamaliro. Ndamuonetsa. Akuti yake inabedwa chaka chatha, ndipo tsopano wadziwa chimene anaibera.

A Mbewe afika manja kumbuyo, akuzungulira lata ngati dokotala. Ndikuti alamu, onani, palibe iwowo apa, muli ife tokhatokha. Akuti, "Mukuganiza kuti angasiye dzina lawo? Anthu amenewa ndi ophunzira. Amaika zinthu zooneka ngati zathu."

Ndikufunsa kuti nanga ndikanapeza kalata yosainidwa? Akuti ukanakhala umboni. Nanga pomwe sindinapeze kanthu? Akuti ndi umboni waukulu, wakuti amadziwa kubisa. Nanga mawa akabwera anthu kudzakonza? Akuti ndiye kuti aopa poona kuti tawatulukira. Nanga akapanda kubwera? Akuti, "Si zomwe ndikunenazi?"

Iyi ndi bawo yotani, yakuti kulikonse kumene ndingataye iwo akudya? Ndawauza maso ndi maso kuti ganizo limene silingagonje ngakhale zitavuta bwanji si ganizo, ndi matenda. Munthu woona amayenera kunena kuti ndikaona chakuti ndi chakuti ndivomera kuti ndinalakwa. Ine ndanena changa: andionetse munthu mmodzi yekha akuthira simenti m'chidzenjemu, ndidzawapepesa pamaso pa layini yonse. Iwo chawo n'chiyani?

Akuti, "Utsi sufuka popanda moto, alamu." Ndikuti uwu si utsi, ndi fungo, ndipo gwero lake tonse timalidziwa, timapitako m'mawa uliwonse.

Anthu aseka. Ndimayesa ndapambana. Koma pobalalika ndikumva wina akufunsa mnzake kuti madalawa anadziwa bwanji pokumba.

Mano aja palibe wawatenga. Mkulu wa nyumba yachinayi wadutsa osapereka moni, milomo ili chitsekere.

Ndasamba katatu ndi madzi a m'chigubu, mayi a Thoko akuwerenga makapu ndi maso. Thoko akuti, "Baba, pulizi, lata lija lichoke pageti, anthu akujambula." Ajambule! Choonadi sichichita manyazi.

Ovomera: ine, ndi gogo wa nyumba yachisanu ndi chinayi. Koma gogoyu samva bwino, ndikukayika ngati wadziwa chomwe wavomera.

Lachinayi

Ndadzuka ndili kazitape.

Uthenga ukuyenda m'mafoni a layini yonse, chithunzi changa ndili ndi mpango kumphuno ndi kope m'manja. Akuti ndikulemba mayina a alendi. Akuti iwowo andilonjeza nyumba kumayadi. Akuti wezulo ndi chizindikiro choitanira galimoto. Ine! Munthu amene fungo likundidya kuposa wina aliyense! Ndikanakhala wa iwowo, bwenzi nditayamba n'kutseka paipi ya pakhomo panga?

Ndafunsa a Mbewe funso lomweli. Akuti iwo sakhulupirira kuti ndine kazitape, amandidziwa, nzeru zake ndilibe. Akuti mwina akungondigwiritsa ntchito ine osadziwa. Zikomo kwambiri, alamu.

Yusufu wandibwezera buluku langa la suti osalipinda m'miyendo. Walipachika pageti, wathawa.

Masana takhalanso pansi pa mtengo, ndipo lero a Mbewe ayankhula zina zimene zandikhala pamtima. Sanakweze mawu. Akuti, "Alamu, bambo anu ndi bambo anga anabwera kuno wapansi kuchokera ku Nyasalande. Kodi m'bandakucha sankagogodedwa m'nyumba zomwezi, kuwerengedwa ngati mbuzi, wopanda pasi n'kukwezedwa lole? Kodi ife obadwira konkuno sitinakhale zaka ndi ziphaso zonena kuti ndife alendo? Zimenezo zinangochitika zokha? Panalibe anthu anakhala pathebulo n'kupangana?"

N'zoona. Ndikukumbukira mayi anga akubisa msuweni wawo kuseri kwa matumba a malasha. Yusufu akaona kope n'kunjenjemera, si misala, anthu analembedwapo m'makope n'kuona zakuda.

Ndiye ndavomera kuti ziwembu zimachitika. Koma zija zinali ndi mayina, mayunifomu ndi zidindo, aliyense ankaziona. Kulumidwa ndi galu chaka chatha sikusandutsa mbuzi iliyonse kukhala galu. Ndipo ndawauza chimene ndikuganiza kuti chikuwavuta. Kunena kuti iwowo akutitsekera paipi n'kokoma, chifukwa ndiye kuti kwinakwake kuli anthu akuluakulu amene amagona akuganiza za ife. Choona n'chowawa kuposa pamenepo. Palibe akutiganizira. Paipi yakalamba, ife tikuthiramo mchenga, ndipo dzina la layini yathu palibe amalidziwa. Munthu amalola kudedwa kusiyana n'kuiwalidwa.

A Mbewe akuti mawu amenewo ndi okoma, ndawatenga kuti? Akuti ndisamale ndi amene akundiphunzitsa.

Ndachoka ndisanawagende ndi mpando.

Kunyumba nakonso zinthu sizikuyenda bwino. Ndikalowa, mayi a Thoko ndi Thoko akusiya kuyankhula. Mbale zagalasi za alendo m'kabati mulibe, akuti akazitsuka kwina chifukwa cha fungo. MaNcube wadutsa katatu, akunong'onezana ndi mkazi wanga pawindo. Mtima ukuti pali chimene akupangana.

Ayi! Ndadzigwira. Umu ndi mmene matendawa amayambira. Mbale zapita kotsukidwa, azimayi amanong'onezana chilengedwere dziko. Sindikhala Mbewe wachiwiri.

Masiku atsala atatu. Gogo uja watumiza mawu kuti ankayesa ndikulemba mayina a olandira ufa.

Ovomera: ine.

Lachisanu

M'mawa kwadutsa bambo wina wa ovolosi, wa ntchito za suweji, akuchokera kukonza kwina. Ndamuitana, ndamufotokozera pulani. Wasuzumira m'chidzenje, wayang'ana kumtunda, wayang'ana kumunsi. Akuti, "Madala, musayerekeze. Dikirani tibwere ndi ndodo zathu zotsekulira mapaipi sabata yamawa."

Sabata yamawa! Akwa Dube ndiwauze kuti moto adzapemphe sabata yamawa? Ndipo munthu ameneyu akudziwa chiyani, wabadwa ine ndikuwotcherera kale. Amaletsa dala anthu oterewa, safuna tidzithandize tokha, akufuna tizingowagwadira ndi ndodo zawozo.

Ndapita kwa a Mbewe ndili wotentha, kukangodandaula basi, poti ndi achibale. Ndikuti taonani, ngakhale wa ovolosi akundiletsa.

A Mbewe achotsa foni pakhutu. Aimirira. Akuti, "Wakuletsani? Wanena yekha kuti tisagejemule pamodzi?" Ndikuti eya. Akuti, "Alamu, ndiye kuti akuopa!"

Sindinamalize n'komwe kupuma, iwo ayamba kale kujambula mawu pafoni. Akuti abale, zadziwika. Iwowo atuma munthu wawo kudzaletsa. Sakufuna tigejemule pamodzi chifukwa akudziwa kuti tikatero chimene anaika m'paipi chituluka poyera. Mawa seveni koloko aliyense pachimbudzi pake!

Ola limodzi silinathe:
MaNcube wabwereketsa diramu;
Yusufu wabwera kudzatenga buluku, walipinda bwinobwino, akupepesa;
a ufiti aja akuti nawo alowa, madzi ambiri amasukulutsa mankhwala;
mkulu wa nyumba yachinayi wagwedeza mutu kuvomera, pakamwa pali chitsekere;
layini yakuseri, imene paipi yawo imalumikiza kwathu, akuti tisawasiye.

Nyumba makumi awiri!

Ndikupsa mtima. Masiku anayi ndayenda ndi choonadi khomo ndi khomo, ndavuula ndi manja, ndapeza gogo mmodzi wosamva. Bodza layenda ola limodzi lapeza nyumba makumi awiri ndi diramu. Dziko lotani ili? Ndiyenera kuima pamsewu n'kunena kuti abale, m'paipi mulibe chimene anaika, bwerani chifukwa cha nzeru osati chifukwa cha mantha.

Sindinaime. Ndangoti zikomo pobwera. Lamulungu ndi mkuja, ndilibe nthawi yosankha kuti madzi athiridwe ndi maganizo otani. Manyazi ndili nawo, ndalemba pano kuti ndisadzakane.

MaNcube tsopano akunditcha mtsogoleri. Dzulo ndinali kazitape.

Madzulo ndikupukuta wezulo. Mayi a Thoko akupeta mpunga, osandiyang'ana. Akuti, "Bambo a Thoko, chotsekacho chili kumunsi kwa nyumba yathu, eti? Nanga chikakana kusuntha, madzi a nyumba makumi awiri atulukira pati?"

Ndawauza kuti za mphamvu ya madzi azisiyire amene anagwira ntchito ku Kelvin. Akuti chabwino. Apitiriza kupeta.

Loweruka

Sikisi koloko. Mipope ikutsokomola, madzi afika! Akuda kaye, kenako oyera. Layini yonse ndowa gobedegobede.

Seveni koloko. Ndaima pamsewu. Khomo lililonse pali munthu wondiyang'ana, wina ali m'chimbudzi dzanja pachingwe. A Mbewe avala chikhoti chawo cha ulonda. Ndakweza dzanja. Wezulo!

Phokoso lake sindidzaliiwala. Zimbudzi makumi awiri kuyankha nthawi imodzi, ndowa pambuyo, diramu ya MaNcube pamapeto. Pansi pakunjenjemera. Amayi akululutira. Mutu umodzi susenza denga, ndikudziuza, ndipo m'maso mwachita tinthu.

Kenako chivundikiro cha pageti panga chayamba kuvina.

Chadzuka. Chitsulo chimene Lachitatu ndinachikanula ndi mgwala, lero chadzuka chokha!

Sindilemba zonse. Zadutsa pansi pa geti, zadzaza bwalo, zamiza dimba la mpiru, zakwera khonde, zaima pakhomo pomwe mayi a Thoko anaika kale matumba a mchenga, sindikudziwa nthawi yanji. Nkhwayira ya kumanja yatulukanso. Ine ndili pakati, wezulo ikadali pakamwa.

Chotseka chija sichinasunthe ngakhale pang'ono.

Walira mvula walira matope, koma awa si matope.

Anthu aima patali, mphuno atseka. A Mbewe akwera panjerwa. Akuti, "Mwaona? Atibwezera! Anatsekeratu kumunsi atamva kuti tikubwera! Alamu anga awalanga chifukwa anaima poyera!" Anthu akuvomera. MaNcube akulira, akuti ndine ngwazi.

Ndinene zoona, kope ili ndi langa. Ndatsala pang'ono kuvomera. Mawuwo ndi okoma zedi! Ndikangogwedeza mutu, sindinenso nkhalamba yopusa imene inakana kumva wa ovolosi ndi mkazi wake yemwe, ndine munthu wozunzidwa ndi akuluakulu. Mlandu wonse uchoka pamutu panga, upita kumwamba kumene a Mbewe amaloza ndi mlomo. Tsopano ndadziwa chifukwa chake mankhwalawa amagulidwa chonchi.

Ndalavula wezulo. Ndanena mokweza kuti palibe wabwezera, madzi amatsika kumunsi, kumunsi ndi kwanga, woimba wezulo ndine. Palibe wamva. Akuti madala asokonezeka ndi chisoni.

Masana onse ndikukankha ndi fosholo. Yusufu ndi MaNcube athandiza, Mulungu awadalitse ndi mabodza awo omwe. Dzuwa likuwotcha, bwalo likuphika. Ngakhale nditathira laimu thumba lonse, mawa pano sipaima munthu.

Ndauza mayi a Thoko kuti titumize mawu kwa akwa Dube, tipepese, asabwere. Mawuwo atuluka movuta, ndimaganiza za Thoko. Iwo akuti, "Musavutike, kasambeni. Suti yanu ndasita."

Lamulungu

M'mawa. Ndavala suti ndi majombo a mphira, ndikuwaza laimu pageti. Mwina mphepo itembenuka.

Mayi a Thoko atuluka atavala chitenje chatsopano, nsapato zanga zili m'manja. Akuti, "Valani izi. Tiyeni kumtunda kwa achimwene."

Kwa a Mbewe bwalo ndi losesedwa, lowazidwa madzi. Ndalowa. Mipando yanga. Mbale zanga zagalasi. Nsalu ya pathebulo imene tinalandira paukwati wathu. Pakhoma, pamsomali watsopano, chithunzi cha bambo anga atavala chipewa chawo cha ku njanji. Kukhitchini MaNcube akukazinga nkhuku ngati kwawo.

Ndafunsa kuti zapanganidwa liti. Lachiwiri madzulo. Akwa Dube anauzidwa Lachitatu kuti adzaime pageti la nkhoswe, nyumba yoyamba. Ndafunsa kuti ankadziwa ndani. Onse. Nyumba zonse za m'layini, Yusufu amene ananyamula mipando ine ndikusamba dzulo, mkulu wopanda mano, ngakhale gogo wosamva uja. Anthu amene sakanatha kugwirizana zokoka chingwe cha chimbudzi agwirizana kundibisira nkhani masiku asanu, osadontha ndi liwu limodzi.

Ndiye chiwembu chinalipo ndithu sabata yonseyi. Ndinachinunkhiza Lachinayi, ndinadzikalipira ndekha. Nkhope ya a Mbewe ikusangalala mopanda ulemu.

Ndimafuna kukalipa. Thoko watuluka m'chipinda, wagwada pafupi ndi mpando wanga, wavala bwino moti ndamuona ngati mlendo. Chichewa chake chija chopunduka. Akuti, "Baba, tinafuna kukuuzani. Koma munali busy ndi pulani yanu, munali osangalala. Mama anati tikusiyeni, mwina itheka, mipando tibweza." Wandigwira dzanja. Akuti, "Ine ndinapemphera kuti itheke, baba. Ndinkafuna pageti lathu."

Mkwiyo wathera pomwepo. Chatsala n'chinthu china cholemera, chimene sindikudziwa pochiika.

Teni koloko. Kunja kwamveka mawu a mwamuna, amphamvu, aulemu. Akufuula mfunda wanga. Akuutchula bwino, wina anawaphunzitsa. Ukumveka layini yonse monga ndinkafunira, zitseko zikutseguka, ana akuthamanga. Ndasuzumira pakatani. Amuna atatu, zipewa m'manja, aima pageti la a Mbewe, geti lamatabwa lomangidwa ndi waya.

A Mbewe andiweramira. Akuti, "Alamu, geti ndi langa koma mfunda ndi wanu. Tiwaimike nthawi yaitali bwanji? Nenani ndinu."

Afuulanso kachiwiri. Ndati atsekulireni. Kachitatu sindikanatha kuumva.

Zonse zayenda bwino. Anthu ake ndi aulemu, nkhoswe yayankhula mwanzeru, iwowo sanatchulidwe ngakhale kamodzi. Moto tapereka. Mkulu wa akwa Dube potsanzika wandigwira dzanja ndi manja awiri, akuti mwana akuoneka kuti anakulira pakhomo paukhondo. Ndati zikomo.

Madzulo ndatsika ndekha kumunsi, chithunzi cha bambo chili m'khwapa. Ndavula nsapato pamsewu, ndavalanso majombo. Geti langa lili chitsekere, loyera ndi laimu, lero palibe waligwira.

Wa ovolosi anati sabata yamawa. Ndidikira.